Wonga, Zipolopolo ndi Nyumba za Lendi m'Mbiri ya Zengeza

Zengeza ndi limodzi mwa madera atatu akale, pamodzi ndi St Mary's ndi Seke, amene anaphatikizidwa mu 1978 kukhala Chitungwiza, tauni imene ili kum'mwera kwa Harare, kutsidya kwa mtsinje wa Manyame, ndipo kalembera wa mu 2022 anapezamo anthu opitirira 370,000. Mbali yaikulu ya anthuwa imakhala m'zipinda za lendi, mabanja angapo m'nyumba imodzi, ndipo pakati pawo pali adzukulu a machona a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene anapita ku Halale kukafuna ntchito n'kukhazikika komweko. M'mayiko amene kusaka nyama ndi kulasa chandamale ndi masewero a anthu ambiri, munthu wa lendi amatha kufunsa ngati lamulo ndi mwini nyumba angamulole kudzaza zipolopolo zake m'chipinda chimene akukhala. Funso lotere silimveka ku Zengeza, pakuti luso lodzazira yekha mfuti, limene linali lofala pakati pa alenje a chigawo chino, linathetsedwa ndi malamulo a atsamunda, ndipo nyumba ya lendi ya m'lokishi inamangidwa ndi boma lomwelo kuti wokhalamo azioneka ndi kufufuzidwa nthawi iliyonse.

Kudzaza zipolopolo ndi ntchito yotenga khoko la chipolopolo chimene chawombedwa kale n'kulikonzanso kuti liwombedwe kachiwiri. Chipolopolo cha masiku ano chili ndi mbali zinayi, zimene ndi khoko la mkuwa, kachoyatsira kamene kamakhala kumatako kwa khokolo, wonga umene umayaka m'kati, ndi mutu wa mtovu umene umatuluka pa mpope wa mfuti. Mwa zinayizi khoko lokha ndi limene limatsala loti n'kugwiritsidwanso ntchito mfuti ikalira, ndipo popeza ndilo lokwera mtengo, anthu owombera kawirikawiri amalitola n'kuikamo zina zitatuzo zatsopano. Ntchitoyi inayamba m'zaka za m'ma 1860, pamene makoko a chitsulo ndi mkuwa analowa m'malo mwa mapepala, koma maziko ake ndi akale kwambiri, chifukwa mfuti zonse zakale zinkadzazidwa ndi mwini wake asanawombe.

Mfuti yakale yotere ndi imene Achewa amaitcha gogodera, yodzazira kukamwa. Mlenje ankathira wonga mu mpope, n'kutsendera ndi nsanza kapena ulusi wa khungwa pogwiritsa ntchito kamtengo kapena kachitsulo kakatali, kenaka n'kuikamo mtovu kapena zidutswa za chitsulo. Mfuti zimenezi zinafika m'chigwa cha Zambezi kudzera mwa Apwitikizi a ku Sena, Tete ndi Zumbo ndi asilikali awo otchedwa Achikunda, amene ankasaka njovu mpaka m'chigwa cha Luangwa ndi kumapiri a Mashona, pamene kunyanja zinabwera ndi amalonda a Chiyao ndi Chiswahili monga Jumbe wa ku Nkhotakota. Zambiri zinali mfuti zimene magulu a nkhondo a ku Ulaya anazitaya, ndipo zinkasinthanitsidwa ndi minyanga ya njovu, golide ndi anthu ogwidwa ukapolo. Wonga wa nthawiyo unali wakuda, wosakaniza makala, sulufule ndi mchere wina wothandiza moto kuyaka umene umapezeka m'dothi la m'mapanga ndi m'makola, ndipo ngakhale wonga wabwino unkachokera kugombe m'timigolo, amisiri a m'midzi anaphunzira kupanga wawo ndi kukonza mfuti zothyoka pa chipala. Mfuti yotere inali ndi ubwino umodzi waukulu umene mfuti zatsopano zinalibe, wakuti mwini wake sankadalira sitolo kuti apeze chowombera.

Dzina la Chitungwiza lenileni likukhudzana ndi nyengo ya minyangayi, pakuti linatengedwa ku malo opatulika a mzimu wa Chaminuka, kumene kunkakhala Pasipamire, mlosi wa mzimuwo, amene mlenje wachingelezi Frederick Selous analemba za iye ndipo Pasipamireyo anaphedwa ndi ankhondo a mfumu Lobengula mu 1883. Patangopita zaka zisanu, mu 1888, Lobengula yemweyo anasaina pangano la Rudd, limene linalonjeza mfumuyo mfuti 1,000 za mtundu wa Martini-Henry ndi zipolopolo 100,000 posinthana ndi ufulu wokumba miyala ya mtengo wapatali. Mfuti za Martini-Henry zinali zodzazira kumbuyo, zothamanga ndi zolasa patali kuposa gogodera, koma zinkafuna chipolopolo cha khoko chopangidwa ku fakitale, kotero kuti wolandira mfutiyo ankakhala womangika kwa womupatsa zipolopolo. Mayiko a ku Ulaya anamvetsa bwino kusiyana kumeneku. Pangano la ku Brussels la mu 1890, limene linalengezedwa ngati njira yothetsera malonda a akapolo, linaletsa kugulitsa mfuti zamakono ndi zipolopolo zake m'chigawo chachikulu cha Africa, kuphatikizapo mayiko amene lero ndi Malawi, Zambia ndi mbali yaikulu ya Zimbabwe, koma linalola kuti mfuti zachikale ndi wonga wamba zipitirire kugulitsidwa. Cholinga chothetsa ukapolo chinali chenicheni kwa ena mwa osainawo, komabe zotsatira zake zinali zakuti mzungu akhale ndi mfuti yamakono pamene mwini dziko atsale ndi yachikale, m'chaka chomwecho chimene gulu la British South Africa Company linakweza mbendera yake pa Fort Salisbury, pamene lero pali Harare.

Nkhondo ya mu 1896 ndi 1897, imene Mashona amaitcha Chimurenga choyamba, ndiyo inaonetsa mphamvu ya luso lodzazira mfuti pamudzi. Anthu a ku Mashonaland, kuphatikizapo a dera la mfumu Seke kumene Zengeza ili lero, anaukira kampaniyo mu June 1896 atatopa ndi msonkho wa nyumba umene unayamba mu 1894, kulandidwa ng'ombe ndi kugwiritsidwa ntchito yokakamiza. Ambiri anali ndi mfuti zodzazira kukamwa, ndipo pamene mtovu unasowa ankadula waya wa telegalafu, misomali, miyendo ya miphika ya chitsulo, ngakhale timiyala, n'kudzaza m'mfuti pamodzi ndi wonga wopanga okha. Atabisala m'mapanga a m'mapiri a miyala, kumene mdani ankayenera kufika pafupi, mfuti zachikalezo zinkapha mofanana ndi zamakono, mpaka asilikali a kampani anayamba kuphulitsa mapangawo ndi dayinamaiti muli amayi ndi ana omwe. Nkhondoyo itatha, ndipo atsogoleri ake Nehanda ndi Kaguvi atanyongedwa mu 1898, kupereka mfuti ku boma kunakhala chizindikiro cha kugonja, ndipo kuyambira pamenepo munthu wakuda sankaloledwa kukhala ndi mfuti, wonga kapena zipolopolo popanda chilolezo cha bwanamkubwa kapena mkulu wa boma wa dera lake, chimene chinkaperekedwa kwa anthu ochepa monga mafumu okhulupirika ndi alimi ena oteteza minda ku nguluwe ndi anyani. Ku Nyasaland zinthu zinali chimodzimodzi, moti pa kuukira kwa John Chilembwe mu January 1915 gulu lina la otsatira ake linapita usiku ku Blantyre kukathyola nyumba yosungira zida ya kampani ya African Lakes ku Mandala, chifukwa zida zokwanira kunalibe kwina kozipeza.

Amuna a ku Nyasaland amene anayamba kupita ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero, m'zaka zomwezi anali kuchoka m'dziko lolandidwa mfuti kulowa m'dziko lina lolandidwa mfuti. Ena anatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, lokhazikitsidwa mu 1903, limene ntchito yake inkatchedwa chibalo, ena pambuyo pake anapita ndi bungwe lina lotchedwa Mthandizi kapena pa magalimoto a Ulere, ndipo ambiri anayenda pansi kudzera ku Tete. Ankagwira ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury. M'migodimo ndi mmene ena a iwo anadziwira zophulitsira miyala, koma ankazigwira pansi pa maso a kapitawo, ndipo kupezeka ndi kachidutswa kake ku komboni unali mlandu.

Nyumba ya m'tauni imene anthuwa ankakhalamo inali ndi malamulo akeake. Lamulo logawa malo la Land Apportionment Act la mu 1930 linaika matauni m'gawo la azungu, kutanthauza kuti munthu wakuda anali mlendo m'tauni ngakhale atabadwiramo, ndipo lamulo la mu 1946 la Native (Urban Areas) Accommodation and Registration Act linalamula makhonsolo kumanga malokishi, olemba ntchito kulipira lendi ya antchito awo, ndi wokhala m'lokishi aliyense kulembetsedwa. Nyumba inkayendera limodzi ndi ntchito, moti wochotsedwa ntchito ankatayanso pogona. Woyang'anira lokishi anali mzungu wolembedwa ndi khonsolo, ndipo apolisi ake ankagogoda pa zitseko m'bandakucha kufufuza alendo osalembetsa, akazi opanda chikalata cha ukwati ndi mowa wofulula mobisa. M'nyumba imene ngakhale mgolo wa mowa unali wosabisika, kusunga wonga ndi zipangizo zodzazira zipolopolo kunali kosaganizirika. St Mary's inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 pa malo amene anali a mishoni ya Anglican, ndipo Zengeza inatsatira m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Ian Smith linkafuna kuti anthu akuda ogwira ntchito ku Salisbury azigona kutali ndi mzindawo, n'kumapita m'mawa ndi kubwerera madzulo pa basi.

Lamulo la mfuti limene likugwirabe ntchito ku Zimbabwe, Firearms Act, linakhazikitsidwa mu 1956, m'nyengo ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo pambali pake pali lamulo la zophulika, Explosives Act. Pa zaka za m'ma 1960 malamulo a chitetezo anawonjezera ukali pa zimenezi. Law and Order (Maintenance) Act ya mu 1960 inapatsa apolisi mphamvu zazikulu zofufuza ndi kumanga, ndipo kusintha kwake kwa mu 1963 kunalamula kuti woponya bomba la petulo pa nyumba anyongedwe basi, woweruza osaloledwa kuchepetsa chilangocho. Boma la Smith litadzilengeza loima palokha pa 11 November 1965 ndipo nkhondo ya ufulu itakula, kupezeka ndi chida cha nkhondo kunkatha kumufikitsa munthu ku chingwe. Pa nthawi yomweyo alimi achizungu ankayenda ndi mfuti za nkhondo m'magalimoto awo, akazi awo ankaphunzitsidwa kuwombera, ndipo chifukwa cha ziletso za malonda za United Nations mafakitale ang'onoang'ono a m'dzikomo anayamba kupanga mfuti zogulitsa kwa azungu wamba. Choncho mawu a lamulo la mfuti anali amodzi, koma linali chitseko chotsegukira mtundu umodzi ndi chotsekera wina, ndipo masewero a kusaka ndi kulasa chandamale, amene ndiwo amabala chizolowezi chodzaza zipolopolo pakhomo, anakula m'mafamu ndi m'madera a azungu a kumpoto kwa Salisbury, osati kutsidya la Manyame.

Nthawi yoyamba imene zida zambiri zinalowa poyera m'nyumba za ku Chitungwiza inali kumapeto kwa 1980, miyezi ingapo dziko litalandira ufulu pa 18 April. Boma latsopano linasamutsa zikwi za ankhondo omenyera ufulu a ZANLA ndi ZIPRA kuchokera ku misasa ya kumidzi kumene anasonkhanitsidwa nkhondo itaima, n'kuwaika m'nyumba zatsopano ku Chitungwiza ndi ku Entumbane mu Bulawayo, akadali ndi mfuti zawo, podikira kulowetsedwa m'gulu limodzi la asilikali. Ku Entumbane magulu awiriwa anamenyana mu November 1980 ndiponso mu February 1981, ndipo anthu ambiri anafa, pamene ku Chitungwiza anthu wamba anakhala miyezi ingapo akumva kulira kwa mfuti usiku. Ankhondowo analandidwa zida mu 1981, koma nkhondo inasiya zotsalira zake m'dziko lonse, makamaka mabomba okwirira pansi amene asilikali a Rhodesia anatchera m'malire a Mozambique ndi Zambia m'zaka za m'ma 1970, amene mpaka lero akuzulidwabe. Kupanga zipolopolo kunakhala ntchito ya boma kudzera mu kampani ya Zimbabwe Defence Industries, yokhazikitsidwa mu 1984.

Ufulu unasinthanso umwini wa nyumba. M'zaka za m'ma 1980 nyumba zambiri za khonsolo zinagulitsidwa kwa amene ankakhalamo, ndipo amene kale anali a lendi a khonsolo anasanduka eni nyumba, n'kuyamba kubwereketsa zipinda kwa ena amene ku Zimbabwe amatchedwa maroja, ndiye kuti anthu ochita lendi chipinda chimodzi kapena ziwiri m'nyumba imene mwini wake kapena mabanja ena akukhalamonso. Nyumba ya zipinda zinayi yomangidwira banja limodzi inayamba kusunga mabanja atatu, ndipo kuseri kwake kunamangidwa tizipinda tina, timene tambiri tinagwetsedwa mu 2005 pa Operation Murambatsvina, imene lipoti la Anna Tibaijuka la ku United Nations linati inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda pokhala kapena pogwirira ntchito. Ogwetseredwawo anakaunjikana m'zipinda zotsala. Pangano la lendi m'nyumba zotere kawirikawiri limakhala la pakamwa, ndipo limakhudza tsiku lolipira, madzi, magetsi, zamu yokolopa chimbudzi ndi nthawi yotsekera geti, pamene malamulo a boma okhudza lendi amasamala za mtengo ndi za kutulutsa munthu m'nyumba.

Malinga ndi Firearms Act, munthu saloledwa kugula kapena kusunga mfuti ngakhale chipolopolo chimodzi popanda chiphaso cha mfuti, chimene apolisi amapereka kwa amene wasonyeza chifukwa chomveka ndi malo otetezeka osungira, ndipo chimakhala cha zaka zitatu chisanakonzedwenso. Kupanga zipolopolo ndi wonga kumafuna chilolezo cha boma. Tsankho la mtundu linachoka m'lamuloli, koma zofunika zake zimasankhabe anthu malinga ndi chuma, pakuti zifukwa zimene zimamveka mosavuta ndi za mlimi woteteza mbewu ndi ziweto, mlenje wolembetsedwa, membala wa kalabu yolasa chandamale ndi wamalonda wonyamula ndalama zambiri, ndipo kabati ya chitsulo yokhomerera ku khoma siingaikidwe m'chipinda cha lendi popanda mwini nyumba kuvomera. Ku South Africa, kumenenso kuli Amalawi ambiri, lamulo la Firearms Control Act la mu 2000 limanena mwachindunji kuti mwini chiphaso angathe kudzaza zipolopolo za mfuti yake, ndipo limaika malire a zipolopolo 200 ndi zoyatsira 2,400 pa mfuti iliyonse kwa munthu wamba, chifukwa kumeneko odzaza okha ndi ambiri ndipo ali ndi mabungwe owayankhulira. Ku Zengeza gulu lotere kulibe, ndipo choopsa chimene chinafika m'chipinda cha lendi chinachokera mbali ina imene ziphaso sizifikako.

Pa 21 January 2013, masana, nyumba ina ku Zengeza 2 inaphulika, ndipo anthu asanu anafa, pakati pawo khanda la miyezi isanu ndi iwiri, ena anavulala, ndipo nyumba zoyandikana nazo zinagumuka kapena kung'aluka makoma. M'nyumbamo munkachita lendi sing'anga wina wachinyamata amene pa nthawiyo anali ndi alendo. Kwa masiku angapo mphekesera za m'misewu ndi m'nyuzipepala zinkanena za mphezi yotumiza ndi za ndondocha imene inakana kuphedwa, koma akatswiri a mabomba atafufuza pa malopo apolisi ananena kuti chinaphulika chinali chida chophulika, ndipo malipoti ambiri anagwirizanitsa ngoziyo ndi kufunafuna chinthu chotchedwa red mercury. Chinthu chimenechi ndi mankhwala ofiira amene anthu amakhulupirira kuti ali m'kati mwa mabomba ndipo amagulidwa ndi ndalama zochuluka, koma kunena zoona kulibe, ndipo chikhulupirirochi chaphetsa anthu m'mayiko angapo a kum'mwera kwa Africa amene amafukula mabomba a nthawi ya nkhondo n'kuyesa kuwatsegula ndi sowo kapena nyundo. M'dziko limene ndalama yake inali itangofa ndi kukwera mitengo kwa mu 2008, ndiponso m'tauni imene mafakitale ake ambiri anali atatsekedwa, bodza lolonjeza chuma chadzidzidzi linapeza omvera.

Ngoziyi siinali ya kudzaza zipolopolo, ndipo kungakhale kusalungama kuifanizira ndi ntchito ya mlenje wa chiphaso amene amasunga wonga wochepa m'chitini chake chotsekedwa bwino, pakuti wonga wamakono wopanda utsi, umene unayamba ndi ntchito ya Paul Vieille ku France mu 1884, ukayaka poyera umapsa mwaukali m'malo mophulika ngati bomba. Komabe inaonetsa chimene chili pa mtima pa funso lonse la zophulika m'nyumba ya lendi, chakuti amene amalipira mtengo wa ngozi si amene anasankha kuchita choopsacho. Khanda limene linafa linalibe gawo pa malondawo, eni nyumba zogumuka anataya chuma chokha chimene mabanja awo anapeza kuchokera pa ufulu, ndipo a lendi anzake a sing'angayo sankadziwa chimene chalowa pa geti tsikulo. Nyumba za ku Zengeza zinamangidwa mothinana, zambiri zofoleredwa ndi malata a asibesito, ndipo magetsi akazima anthu amaphikira pa gasi, pa palafini kapena pa nkhuni pafupi ndi khomo la mnzawo, kotero kuti ngakhale wonga wololedwa ndi chiphaso ungakhale pafupi ndi moto wa banja lina. Choncho lamulo limene linabadwa ngati chida cholanda anthu mphamvu lapeza chifukwa china chomveka m'makoma ogawana a m'lokishi, ngakhale kuti amene analilemba sankaganizira za chitetezo cha okhala m'nyumbazo.

Njira imene boma lagwiritsa ntchito pochotsa zida zosalembetsa m'nyumba za anthu ndi chikhululukiro cha kanthawi, monga chimene Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza mu August 2022, cholola aliyense kupereka mfuti ndi zipolopolo ku polisi popanda kuimbidwa mlandu mpaka kumapeto kwa September chaka chomwecho. Zina mwa mfuti zimene zimatuluka pa nthawi zotere ndi za anthu omwalira zimene achibale anazisunga m'masutukesi chiphaso chitatha kale ntchito. Chikhululukirocho chimathandiza mwini chida amene akufuna kuchitaya, koma sichipereka njira kwa mayi wa lendi amene akukayikira zimene zikuchitika kuseri kwa khoma la chipinda chake, amene akakanena ku polisi akhoza kuuzidwa kuti asamuke mwezi ukatha. Kwa adzukulu a machona mantha amenewa anali okulirapo, chifukwa lamulo la unzika losinthidwa mu 2001 linasiya ambiri a iwo akuwerengedwa ngati alendo m'dziko limene anabadwiramo, mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anawabwezera unzika obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko lina la SADC, ndipo ngakhale pambuyo pake ambiri anakhalabe ndi ziphaso zakale zowatchula kuti alendo, zimene munthu safulumira kukazionetsa pa kauntala ya polisi.